Chimera cha M'mimba mwa Udzudzu

Mlongo wanga anabwera kuchokera ku migodi mvula itayamba kale. Anatsika pa lole ya ogula mpunga ali ndi sutikesi imodzi ndi mapoto omanga m'chitenje. Mwamuna wake anali atamwalira, ndipo abale a mwamunayo anatenga nyumba. Zimenezo sindizikamba pano. Anabwera kwa ine chifukwa ndine mkulu wake. Kwathu kuno ku Tembwe mwana wamkazi ukwati ukatha amabwerera pakhomo pamene anabadwira. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu.

Tsiku lomwelo, tisanasambe m'manja n'komwe, anatulutsa kabotolo ka mapiritsi n'kukaika pampando. Anatiuza ine ndi mkazi wanga kuti ali ndi kachilombo, kuti amamwa mankhwala tsiku lililonse, ndiponso kuti safuna kumva manong'onong'o kuseri kwa nkhokwe. Ndi wotero mlongo wangayo. Chibadwire sanaphunzire kutsitsa mawu. Sanali wodwala wogona ayi. Anali wonenepa kundiposa, ndipo m'mawa mwake anatenga khasu langa labwino osandifunsa.

Za mkazi wanga ndinene zoona. Anamulandira bwino mlamu wake. Ankadya mbale imodzi, kumwera chikho chimodzi, kulukana tsitsi pakhonde. Iye ndi amayi anzake a kutchalitchi anali ataphunzitsidwa kukiliniki kuti kachilomboka sikayenda ndi moni kapena ndi mbale. Kamayenda ndi magazi, ndiye lezala ndi singano osabwerekana. Zonsezi anazigwira bwino, kuposa amuna ambiri amene ndimawadziwa.

Koma tsiku lina anandipeza kuseri kwa nyumba ndikunola nkhwangwa, n'kundifunsa kuti nanga udzudzu.

Maganizo ake anali otere. Akuchipatala akuti jakisoni wobaya wina asabayenso wina. Udzudzu ndi jakisoni wamapiko. Ubaya alamu kuno, uuluka, ukabaya mdzukulu uko. Nthawi imeneyo tinkasunga adzukulu awiri, ana a mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku boma ku Chama. Maneti tinali nawo, koma kuseri kwathu kuli dambo la mpunga, ndipo mvula ikagwa udzudzu suyembekeza kuti munthu alowe m'neti. Akulankhula choncho, wina unatera pamkono pake. Anaumenya mbama n'kundionetsa chikhatho chofiira.

"Magazi awa ndi a ndani, atate?"

Ine sindiyankha chinthu chimene sindichidziwa.

Madzulo ake anasesa gowelo la mwana wathu wamwamuna amene anakwatira n'kusamuka. Lili kutsidya kwa bwalo, kupitirira nkhokwe. Anayalamo mphasa yatsopano, anamangamo neti yabwino kuposa yathu, n'kuuza alamu ake kuti m'menemo akapuma bwino popanda phokoso la ana. Mlongo wanga si mwana. Anamva. Anagona m'menemo, denga likumudonthera pamapazi. Kenako m'mawa wina anaima pakati pa bwalo, atagwira m'chiuno, n'kundiitana monga timaitanirana m'Chisenga.

"Adumbu, mbuzi yankhanambo ndiyo amaimangira kwayokha. Ngati ine ndine wa m'gowelo, lole ikabweranso ndikwera."

Msewu unali utaduka ndi madzi. Koma madzi amaphwa, ndipo lole imabwera. Ku migodi analibe munthu, analibe khomo. Ndinadziwa kuti akwera ndithu, chifukwa magazi athu ndi amodzi, ndipo nanenso ndikanena chinthu ndimachita.

Ndikanatha kulamula. Pakhomo panga ndikalamula zimachitika. Koma mkazi wanga anali atandiuza kale, mofatsa, kuti alamu akalowa m'nyumba iye azikagona ndi adzukulu kwa mkulu wake kumtunda kwa mudzi. Sikunali kundiopseza. Anali ndi mantha enieni, ndipo ana anali a eni, tinangopatsidwa kuti tisunge. Ndikanalamula, ndikanakhala ndi mlongo m'nyumba, mkazi kunja. Sindinaone phindu lake.

Ndinapopa njinga ulendo wa kukiliniki.

Kumeneko kunali mnyamata wina wochokera ku Chipata amene tonse tinkamutchula kuti adokotala. Ndinakhala pabenchi pamodzi ndi odwala mpaka nthawi yanga. Atandifunsa chimene chikuvuta, ndinati udzudzu. Anatenga kachitsulo koyezera kutentha kwa thupi kuti andiike m'khwapa. Ndinamuuza kuti abweze, ine sindidwala, ndabwera kudzafunsa mlandu. Anaseka, kenaka ataona kuti ine sindikuseka, anakhala pansi n'kumvetsera. Ndinamufotokozera zonse osatchula munthu.

"Manje, atate, amayiwo aganiza bwino, koma aphonya pamodzi," anatero. "Udzudzu si jakisoni. Jakisoni alibe mimba."

Mawu amenewo anandikomera. Ndinamuuza kuti apitirize.

Anati umene umaluma ndi waukazi wokha, wamphongo amangomwa timadzi ta m'maluwa. Waukaziwo umafuna magazi kuti upange mazira. Kukamwa kwake kuli tinjira tiwiri, kena kokokera magazi m'kati, kena kotulutsira malovu ake kunja, ndipo magazi amene alowa sabwerera. Amapita m'mimba. Mimbayo ikangodzaza, imathira madzi ake amene amadula magaziwo tizidutswatizidutswa mpaka asanduke chakudya. Kachilombo ka mlongo wanga sikatha kukhala m'thupi la udzudzu. Kamadulidwa pamodzi ndi magaziwo, kamasanduka ndiwo. Madzi odulawo anawatchula dzina lachizungu. Ndinamuuza kuti abwereze, anabwereza, nanenso ndinabwereza mpaka anavomera kuti ndakhoza.

Ndinamufunsa kuti nanga malungo amadutsa bwanji ngati mimbayo ndi yaukali chotero. Anati ka malungo ndi kena. Iko ndi kozolowera, m'mimba mwa udzudzu ndi kwawo. Sikasungunuka, kamaboola khoma la mimba, kamakula, n'kukakhala m'malovu. Ndiye udzudzu ukamalavulira munthu usanamwe, kamatsikira momwemo.

Sitandade folo yanga inakwana kumva zonsezi. Koma ndinadziwa kuti mkazi wanga savomera nkhani yobwera panjinga. Ndinafunsa mnyamatayo ngati udzudzu wokhuta ungasungike munthu n'kumauona. Anati ungasungike, bola ukhale pamthunzi, ndi kathonje konyowa kothira shuga pang'ono. Thonje ndimalima ndekha.

Pobwerera ndinaoloka mtsinje njinga ili paphewa, madzi ali m'chiuno. Nditafika kutsidya, dzina lachizungu lija linali litapita ndi madzi. Ndinalipezanso patapita nthawi kwa mwana wanga wa ku boma. Ndi enzaimu. Koma tsiku limenelo ndinafika kunyumba wopanda dzinalo.

Ndinafotokoza bwinobwino, onse awiri atakhala pamphasa akusankha mpunga. Mkazi wanga anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati mnyamatayo analowamo m'mimba mwa udzudzu, kapena anangouzidwa ndi anzake. Anafunsanso dzina la madzi odulawo. Ndinati dzina lilipo. Mlongo wanga anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga tambula yagalasi pamwamba pa kabati. Ndi ya alendo, imatsika abusa akabwera. Mkazi wanga ananena kuti pali mabotolo ambirimbiri kuseri kwa khitchini. Ndinati botolo lobiriwira silioneka m'kati, ndipo nkhaniyi ikufuna maso.

Magazi anafunika a mlongo wanga, osati a wina, kuti pasadzakhale chonena. Dzuwa litangolowa, kukadali kowala, ndinamukhazika pakhonde ataonetsa katumba wa mwendo. Ine ndinagwada pambali ndi tambula ndi kachidutswa ka katoni. Munthu wa imvi kugwada pamapazi a mng'ono wake, anthu odutsa panjira ankapereka moni akuyang'ana kwina. Mlongo wanga sanatseke pakamwa. Anati chibadwire sindinamugwadirepo, ndiye ndisafulumire kudzuka. Anati ku migodi achipatala ankamutenga magazi atavala zoyera, kuno akutengedwa ndi mdala wa kabudula wong'ambika. Ndinamuuza kuti akhale chete, akuthamangitsa nyama.

Udzudzu unabwera. Unatera, unafufuza, unabaya. Tonse atatu tinaona mimba yake ikufufuma, yofiira ngati tsabola wakupsa akaikidwa padzuwa. Usanamalize n'komwe, kumbuyo kwake kunatuluka kadontho. Mkazi wanga, amene ankati sakuonera, anali ataweramira pamwamba pa phewa langa. Ndinauvindikira ndi tambula, ndinalowetsa katoni pansi, n'kumanga kukamwa kwake ndi kachidutswa ka neti yakale ndi mphira ya chubu cha njinga. Kathonje kashuga ndinakaika pamwamba pa netiyo. Ndinaika tambula pawindo.

M'mawa m'tambula munali mapiko ndi miyendo yokha. Nyerere zinatsata shuga, zinapeza ndi ndiwo zomwe.

Mlongo wanga anaseka mpaka kukhala pansi. Anati matenda amulephera, koma mkulu wake ndiye amumaliza magazi. Mkazi wanga sanaseke. Anatenga mbale, anathiramo madzi, anaika tambula pakati pake monga amatetezera shuga, n'kunena kuti munthu amene wakhala m'nyumba muno zaka zonsezi ayenera kudziwa nyerere za pawindo limenelo. Ndinaona kuti nkhaniyi yayamba kukhala yakenso.

Madzulo tinagwira wina. Uwu unali waukulu, woima chogwadira mutu, matako m'mwamba, mtundu wa malungo weniweni. Mlongo wanga anautcha mlendo wa adumbu, popeza ukumwera m'tambula ya abusa. Dzinalo linakhala. M'mawa uliwonse mkazi wanga akamatsegula chitseko ankayamba wapita pawindo, n'kunena mouma kuti mlendo wadzuka.

Mlendoyo sankachita kanthu. Ankangokhala pakhoma la galasi ngati munthu wodya paukwati. Koma mimba inkasintha. Kufiira kuja kunada, kunakhala ngati chiwindi chouma. Pansi pa tambula panaoneka timadontho takuda. Mkazi wanga anafunsa kuti n'chiyani. Ndinati zitosi. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anati ndiye kuti zotsala zimatulukira kumbuyo monga nkhuku, osati kukamwa. Ndinati ndi zimene ndakhala ndikunena. Anati sindinanene choncho. Mwina sindinanene ndi mawu amenewo.

Nthawi yomweyo madzi mumtsinje anayamba kutsika. Munthu wina wochokera ku Chifunda anadutsa n'kutiuza kuti thirakitala yaoloka kale. Mlongo wanga anachapa zovala zake zonse n'kuzipinda. Sanalankhule za ulendo, koma sutikesi anaitulutsa padzuwa kuti ichoke chinyontho, pamalo pamene aliyense akanaiona.

Tsiku lotsatira tinali ndi anthu odzatithandiza kuzula udzu m'mpunga, ndiye mkazi wanga analawirira kuphika thobwa. Thobwa la mkazi wanga limadziwika. Amaphika phala la mgaiwa m'mphika waukulu, lolimba moti mthiko umaima wokha. Amalisiya lipole mpaka chala chizipirira, chifukwa akuti ukathira chimera pamoto chimafa. Kenako amawaza chimera cha mawere n'kutakasa.

Ine ndinatulutsa tambula kuti ndione bwino powala. Chakuda chija chinali chitachepa, chitatsalira kachigamba kumimba kwenikweni. Mbali yonse yakumbuyo inali yotuwa, yotupa. Ndinapita nayo kukhitchini n'kumuonetsa. Ndinati magazi atha, awa ndi mazira.

Anayang'ana, dzanja limodzi lili pamthiko. Anafunsanso funso lake lomwe lija, kuti chimene chawasungunula magaziwo n'chiyani, popeza udzudzu ulibe mano, ulibe mtondo, ulibe moto. Ndinati ndi madzi ake a m'mimba. Umayamba wadzaza mimba, kenako umathira, ndipo zolimba zimalefuka zokha.

Anali akuyang'ana mumphika. Phala lija, limene kanthawi kapitako linkakana mthiko, linali litayamba kumasuka. Mthiko unkayenda wokha. Anaukweza, phala linayenderera ngati madzi.

"Chimera," anatero.

Ndinati chiyani.

"Udzudzu uli ndi chimera m'mimba. Mwapalasa njinga ulendo wonse uja, atate, kukatenga mawu a chimera? Bwanji simunanene choncho tsiku lomwe lija?"

Ndinati ndi zomwezo, kungoti adokotala amazitchula mwachizungu. Anandiyang'ana monga amandiyang'anira ndikagula mbewu yolakwika. Kenako anayamba kundiphunzitsa ine, mwini nkhani. Anati phala ukalithira chimera latha, sungalibwezenso kuti likhale phala, ngakhale ulire. Limene walawa m'mawa ndi limene umwa masana si chinthu chimodzi. Ndiye ngati magazi a alamu athiridwa chimera, si magazi a alamunso, ndipo zimene zinali m'menemo zapita nawo. Anafunsa za malungo. Ndinamuuza monga ndinauzidwira, kuti iko ndi ka m'nyumba, sikasungunuka, kamathawira m'malovu. Anati ngakhale m'thobwa timiyala timatsalira pansi. Sizofanana kwenikweni, koma ndinazisiya. Anaonjeza kuti ngati zili choncho, neti yathu yobooka ndiyo yoopsa kuposa alamu, ndipo woisoka ndine chifukwa ndine ndinaibowola ndi chikhadabo cha chala chachikulu.

Mlongo wanga anali pakhomo pa khitchini ndi mtolo wa nkhuni. Sindidziwa anaima nthawi yaitali bwanji. Anatula nkhuni, anatenga tambula m'manja mwanga, n'kuikweza kudzuwa.

"Ndiye mukuti zoyerazi ndi mazira, adumbu? A magazi anga?"

Ndinati inde.

"Alamu, imvani. Zaka zonse zija ku migodi anthu ankandinena kuti sindibereka. Ndabwera kwathu, mwezi sunathe bwino, ndili ndi ana m'tambula ya abusa."

Mkazi wanga anaseka. Anaseka mpaka anasiya mthiko, n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Mlongo wanga nayenso ankaseka, koma maso ake anali ofiira, ndipo ananena kuti ndi utsi. M'khitchinimo moto unali utazima kalekale. Ine ndinatuluka kukaona anthu kudambo. Zinthu zina mwamuna sayenera kuimirira n'kumaonera.

Nditabwerako masana, ndinapeza tambula yatsukidwa ndi phulusa, ili pathandala. Ndinafunsa za mlendo. Mkazi wanga anati wamuperekeza ndi patapata, sangalere adzukulu a mtundu umenewo, ngakhale akhale a alamu ake. Kenako anandiuza kuti matumba a mpunga amene ali m'chipinda cham'kati achoke lero lomwe, apite kugowelo, ndipo ndiyambe ndafolera pamene pakudontha chifukwa mpunga sufuna madzi. Ndinati pamene pamagona munthu denga lomwelo silinamuvute. Anati ndisayambe milandu, dzuwa likupita.

Ndinasenza matumbawo ndekha. Msana unandipweteka mpaka Lamulungu. Akazi awiriwo anakolopa chipindacho, anazira pansi, n'kuyamba kukangana za kumene mutu wa bedi uloze. Mlongo wanga ankafuna kuwindo, mkazi wanga ankati kuwindo kumalowa mphepo. Anandifunsa kuti ndiweruze. Ndinati kuwindo. Onse awiri anagwirizana kuti ndalakwa, n'kuuika kukhoma.

Ali m'chipinda chomwecho mpaka lero. Imvi zamuyera kuposa zanga, mapiritsi amamwa osaphonya, ndipo ali ndi munda wake wa mpunga umene amati umabereka kuposa wanga. Si zoona, wake uli pamalo onyowa chabe. Adzukulu aja anakula, anapita. Pakati pa chipinda chake ndi chathu pali khoma losafika kudenga, ndipo mlongo wanga amaliza mkonono ngati chigayo cha dizilo. Mkazi wanga amadandaula m'mawa uliwonse. Ndinamuuza kamodzi kuti gowelo lilipo, ndinalifolera bwino. Anandifunsa ngati ndili ndi mutu, munthu angagoneke bwanji mlamu wake kunja.